Msana Wanga ndi Manja a Apongozi

Msana wanga unandigwira Lachiwiri m'mawa ndikuvala sokisi. Zoona ndikuzinena pano chifukwa pepala siliseka munthu. Kutchalitchi ndinawauza zina. Ndinati ndinkakweza ndekha makina ochapira zovala pa masitepe, amayi a mumpingo n'kugwira pakamwa, wina mpaka kunditcha ngwazi. Koma chimene chinachitika n'chakuti ndinali nditakhala m'mphepete mwa bedi m'fulati mwathu ku Woolwich, mwendo umodzi uli m'mwamba, sokisi italowa theka, kenako ndinayetsemula. Basi. Chinthu chinangoti tswi! kumunsi kwa msana, ine n'kuuma pomwepo ngati chiboliboli.

Taganizani. Zaka zonse zija ndinagwira ntchito yokankha mabedi m'chipatala, kutembenuza anthu olemera ngati matumba awiri a chimanga, msana sunanenepo kanthu. Ndapuma pa ntchito, ndiye kudzagonja ndi sokisi.

Akazi anga ndi namwino wopuma. Ndiwo anayamba kubwera kuno, ine ndinatsatira pambuyo ngati katundu woiwalika pa depoti. Sukulu iwo anapita nayo patali, ine ndinalekezera Sitandade 6, ndipo sipatha sabata osandikumbutsa. Atandipeza m'mawa umenewo anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwatani inu?"

"Ndafa."

"Mwafa mukulankhula? Tagwedezani zala za kumapaziko ndione."

Ndinagwedeza.

"Mukhala ndi moyo. Malizani kuvala sokisiyo, tipite kwa dokotala."

Dokotalayo anali mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu. Anandidina apa ndi apo, n'kundifunsa ngati miyendo ikuchita dzanzi, ngati ndikutaya madzi bwinobwino, mafunso oti munthu wamkulu uyankhe ukuyang'ana kudenga. Pomaliza anati palibe chathyoka, palibenso choopsa. Anandilembera mapilitsi, nati ndisamangogona, ndiziyendayenda.

Mapilitsiwo ndisawanamizire, ntchito ankagwira. Ukamwa awiri ululu unkachoka. Vuto linali loti pochokapo unkatenga ndi mwini wake yemwe. Tsiku lina ndinakwera basi kupita kumsika, mtunda wa masiteji atatu okha, n'kudzadzutsidwa ndi dalaivala kumapeto kwa ulendo, malo amene sindinafikeko chibadwire. Ndinayang'ana pawindo n'kuona kavalo akundiyang'ananso. Panalinso nkhani ina ya m'mimba imene munthu wa msinkhu wanga sayenera kuilemba. Ndingonena kuti msewu unatsekedwa masiku anayi, ndipo akazi anga anandidyetsa zipatso zouma zakuda zija mpaka ndinayamba kudana ndi mbale yake yomwe.

Zonsezi ndikanapirira. Nkhalamba yopuma pa ntchito ikagona m'basi yalakwira ndani? Koma kutsogolo kunali chinkhoswe.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Croydon, anali atapeza mwamuna. Mayi ake ali kumudzi, mapepala oti abwere kuno anakanika. Bambo ake anatisiya kalekale. M'dziko lonse lino wachibale wake wamkulu ndine ndekha, malume ake enieni, bere limodzi ndi mayi ake. Ndiye kuti pa tsikulo ine ndi amene ndimayenera kuimirira pamaso pa anthu, kulandira akuchimuna, kulankhula m'malo mwa banja lonse, kulandira tambala wawo n'kuwapatsa thadzi, kenako kuvina nazo kuti aliyense aone kuti mtsikanayu sanachite kutoledwa pamsewu, ali ndi eni ake. Panali patatsala masabata asanu.

Kukumana koyamba ndi akuchimuna kunali ku Peckham, kunyumba kwa malume a mnyamatayo. Ndinavala suti, n'kumwa mapilitsi awiri kuti ndikakhale mowongoka ngati munthu. Tinafika ine, akazi anga ndi mtsikanayo, tinapatsana moni wautali, anatikhazika pa sofa yofewa kwambiri pafupi ndi chotenthetsera nyumba. Malume a mnyamatayo ndi munthu wa mawu otsika, olankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya boma. Anayamba kufotokoza za mtundu wawo kuyambira kwa agogo a agogo awo. Ndikukumbuka kuti anafika pa agogo achiwiri. Zotsatira zake sindikuzidziwa.

Chimene chinandidzutsa ndi chigongono cha akazi anga m'nthitimu. Ndinatsegula maso, nyumba yonse ili zii, anthu onse akundiyang'ana. Ndinaona kuti apa payenera kuti panali pemphero, ndiye ndinati mokweza, "Ameni!"

Sanali kupemphera. Anali atandifunsa kuti ife akuchikazi tikufuna mwambowo uyambe nthawi yanji.

Anthuwo ndi aulemu, anaseka pang'ono n'kuikwirira nkhaniyo ndi tiyi. Ine ndemwe ndinaseka nawo kwambiri, poti ndilo khalidwe langa. Koma pobwerera, m'sitima, mwana wa mlongo wanga uja anakhala moyang'anana nane. Kenako ndinaona akupukuta m'maso ndi kansalu ka m'khosi.

"Ankolo," anatero, "ngati simukwanitsa mungondiuza. Sindikwiya. Ndikapempha mkulu wa mpingo adzaimirire m'malo mwanu."

"Iwe, malume amabwerekedwa ngati mipando?"

"Nanga nditani? Amayi adzakhala akuonera pa foni. Mukufuna adzakuoneni mukuliza mkonono anthu akuvina?"

Ine amene pakamwa panga sipauma, tsiku limenelo ndinangoyang'ana nsapato zanga mpaka kutsika.

M'mawa mwake ndinati mapilitsi ndasiya. Ndinatha masiku awiri. Ndinkayenda ngati nambala seveni, dzanja limodzi pakhoma, lina pamsana. Kuchoka pampando kunkafuna msonkhano wa thupi lonse. Choncho nkhani inali poyera: ndikamwa, ndiima mowongoka koma ndili mtulo; ndikapanda kumwa, ndili maso koma ndikuyang'ana pansi ngati wataya singano. Malume onse awiriwo palibe amene akanathandiza mwanayo.

Lamlungu mwana wanga wamwamuna anabwera kudzationa. Anandiyang'ana ndikulimbana ndi mpando, n'kupukusa mutu.

"Dadi, koma mukudziwa kuti ntchito ya mkazi wanga ndi yomweyi? Tsiku lonse amakhalira misana ya anthu. Wakhala akunena kuti mupite akakuoneni."

"Iwe, wapenga? Ndikavule malaya pamaso pa mkazi wako?"

"Ndi ntchito yake, Dadi."

"Ntchito yake kwa anthu ena. Ine ndi mpongozi wake."

Apa ndiyenera kufotokoza. Mkazi wa mwana wangayu anabadwira kuno, mwana wa anthu aja anathawa kwathu nthawi ya ndale zovuta. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi. Ntchito yake amaitcha kayiropulakita, dzina limene ndinaliphunzira sabata yathunthu; ine ndinkangoti wowongola misana. Pa nthawiyo anali atakhala m'banja mwathu zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sindinakhalepo naye pa sofa imodzi. Umu ndi mmene ndinaleredwera. Mkazi wa mwana wako umamupatsa ulemu wa patali. Akalowa kukhitchini, iwe umatuluka. Moni umapereka uli chapakhomo, m'manja pang'ono phwa phwa, maso kumbali. Fulati yathu ndi yaing'ono, ndiye akabwera kudzacheza ine nthawi zambiri ndinkathera pakhonde, m'nyengo yozizira momwe, nditavala jekete ziwiri, ndikuwerenga njiwa. Akafika pa chakudya, mbale yanga inkandipeza kuchipinda. Ndiye lero munthu ameneyo andigwire msana ndi manja?

Musaganize kuti sindinayese njira ina. Owongola misana alipo ambiri m'tauni muno. Ndinapita kwa wina pamsewu waukulu, ndinafika mpaka pakhomo. Pawindo anaikapo mafupa a munthu wathunthu, apulasitiki, ataimirira, mano onse pamtunda. Ndinamuyang'ana, iye n'kundiyang'ana. Ndinati uyu ayenera kuti anali kasitomala. Komanso ndinali nditaonera pa foni mmene anthu amenewa amapotokolera makosi a anzawo, phokoso lake ngati ukuthyola nzimbe. Munthu wosandidziwa akandithyola, adzangoti sole, n'kuitana wotsatira. Koma mkazi wa mwana wanga akandithyola, adzandisunga yekha kunyumba kwake mpaka imfa, ndiye sangayerekeze. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti manja okhawo amene ndinkawakhulupirira mu London yense ndi omwewo amene mwambo unandiletsa.

Akazi anga poyamba anali kumbali ya mapilitsi. Moyo wawo wonse akhala akugawa mankhwala, ndipo zothyolathyolazi ankaziyang'ana ndi diso limodzi.

"Msana umapola wokha," ankatero. "Mungopirira."

"Upola liti? Chinkhoswe chitatha?"

Koma misozi ya m'sitima ija anaiona nawonso. Lachitatu ndinawamva akuimbira foni dokotala uja, kumufunsa m'Chingerezi chawo cha kuntchito ngati munthu wa msinkhu wanga, wa mafupa ngati anga, angayese zimenezo. Atamaliza anabwera pabalaza.

"Akuti mutha kuyesa, bola akuyezeni kaye bwinobwino, ndipo khosi alisiye. Mupita Lachisanu."

"Kwa apongozi?"

"Kwa apongozi. Ine ndidzakhala pakati. Iwo adzalankhula ndi ine, ine ndidzalankhula ndi inu, ngati kumudzi."

"Nanga malaya?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi shati yanga yakale yoyera. Anandiveka chammbuyo, kolala ili pakhosi kutsogolo ngati wansembe, mabatani ali kumsana.

"Mwaona? Tikamasula mabataniwa msana uonekera, koma shati simunavule. Munthu akadzakufunsani, mudzalumbira ndi mtima woyera."

Ndinati pamenepo ndiye sukulu ija yagwira ntchito.

Chinatsala ndi mphatso. Kwathu mpongozi sumangoyamba kumuyandikira chimanjamanja, umayamba wamupatsa kenakake kuti manyazi achoke pakati panu. Ndinapita kumsika wa Woolwich ndekha, pang'onopang'ono, n'kusankha nkhuku yaikulu kuposa zonse, ya nyama yolimba ija imene anthu a kwathu timaikonda. Lachisanu ndinakwera nayo sitima, ili m'jumbo pamiyendo panga, shati ili chammbuyo mkati mwa jekete. Mzungu wina anandipatsa mpando akuti, "Khalani apa, abusa." Ndinamudalitsa.

Kuntchito kwa apongozi ndi kachipinda kaukhondo, konunkhira ngati mandimu. Anatilandira atavala yunifolomu yabuluu. Ine ndinaima pakhomo, maso kumbali, n'kupereka jumbo kwa akazi anga, iwo n'kupereka kwa apongozi. Anatsegula, n'kuyang'anamo.

"Akuti zikomo kwambiri," anatero akazi anga. Kenako anatsitsa mawu. "Koma inu, mwaiwala kuti mwanayu sadya nyama?"

"Sadya nyama? Chiyambire liti?"

"Chibadwire chake, bambo inu. Mukuganiza kuti nyemba zonse zija ndimaphikira ndani?"

Sindinaiwale ayi. Sindinkadziwa n'komwe. Ndikanadziwa bwanji, munthu amene zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndisanamuonepo akudya? Apongozi anaseka pang'ono, mokoma mtima, n'kukaiika nkhuku ija m'kafiriji kawo pambali pa mkaka wa tiyi, nati mwamuna wawo aisangalalira.

Anayamba ndi mafunso. Ankafunsa m'Chingerezi, chimene ine ndimachimva ndithu, koma malamulo anali malamulo, ndiye ndinkadikira kuti chidutse kaye mwa akazi anga. Kulakwitsa kwanga kunali kuiwala kuti womasulirayo ndi ndani.

Apongozi anafunsa kuti ululu unayamba bwanji.

"Akufunsa kuti makina ochapira munanyamula angati," anatero akazi anga.

"Auzeni kuti amodzi."

"Ndiwauze bodza, munthu akufuna kukugwirani msana? Akakudinani polakwika musandilirire ine."

"Auzeni kuti inali sokisi."

"Sindinamve."

"Sokisi! Ndi kuyetsemula!"

Ndinamva cholembera cha apongozi chikunjenjemera pa pepala, akubisa kuseka. Anati, kudzera mwa akazi anga, zimenezo zimachitikira anthu ambiri, ndisachite manyazi. Akazi anga anamasulira kuti, "Akuti ndinu woyamba."

Kenako anandiyendetsa, kundiweramitsa, kundiimiritsa ndi mwendo umodzi, kundigogoda mawondo ndi kanyundo. Pomaliza anandionetsa bedi. Abale, Mulungu amaganizira anthu ake. Bedi limenelo lili ndi bowo kumutu, poika nkhope. Ukagona chafufumimba, maso ako amangoona pansi. Amene anapanga bedi limenelo ayenera kuti anali ndi apongozi. Ndinalowetsa nkhope m'bowomo mtima uli m'malo, ndikuona matailosi ndi nsapato zoyera ziwiri zikuzungulira.

Akazi anga anamasula mabatani. Manja anafika. Anali ofunda, amphamvu ngati a munthu wolima. Anayenda ndi msana wonse fupa ndi fupa, ngati mayi akusankha tomato, mpaka anaima pamalo pake penipeni, pamene sokisi inandilasa.

"Akuti apa?"

"Auzeni kuti pomwepo."

Anakanda pamenepo nthawi yaitali mpaka ndinayamba kuganiza kuti ntchito yonse ndi imeneyi, anthu amangokokomeza. Kenako anati ndigone chammbali. Apa bowo linanditaya, ndiye ndinatseka maso zolimba. Anapinda mwendo wanga umodzi, anandipingasa manja pachifuwa ngati maliro.

"Akuti mukoke mpweya."

Ndinakoka.

"Akuti muutulutse wonse."

Ndinatulutsa. Ndipo ndisanamalize, khwaa!

"Mayo ine! Mwana wanga, wandipha!"

Maso anali atatseguka okha. Nkhope ya apongozi inali pafupi ndi yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ali ndi kampata pakati pa mano, ngati malemu amayi anga. Ndinali nditalankhula nawo mwachindunji, wopanda womasulira, komanso ndi kuwatcha iwe. Iwo anandiyang'ana, n'kuyankha m'Chichewa chawo chopindika cha ku London:

"Simunafe, Dadi. Tembenukani mbali inayo."

Akazi anga anali atagwira khoma, misozi ili mbwee ndi kuseka. Ntchito yomasulira inathera pomwepo.

Ndisakunamizeni kuti ndinatuluka m'menemo ndikudumpha. M'mawa mwake thupi linkawawa ngati ndamenyedwa ndi anthu atatu, ndipo akazi anga anati, "Si ndinanena?" n'kundipatsa pilitsi limodzi la mtundu wina wofatsa, losagonetsa. Koma tsiku lachitatu ndinadzuka pampando osaitanitsa msonkhano. Ndinapitanso kwa apongozi sabata yotsatira, ndi inanso. Anandipatsa ntchito ya kunyumba: kugwada pa kapeti ndi manja ndi mawondo, kukweza msana ngati mphaka wokwiya, kuutsitsa ngati ng'ombe yotopa, m'mawa ndi madzulo. Anatinso ndiziyenda mpaka kumtsinje tsiku lililonse. Akazi anga anandijambula ndili mphaka, ndipo chithunzicho amandiopseza nacho mpaka lero.

Mpaka pano kunyumba kwathu mlandu sunathe. Akazi anga amati msana unapola wokha chifukwa nthawi yake inakwana, komanso chifukwa cha kuyenda kuja, kumene dokotala ananena poyamba pomwe ine osamvera. Ine ndimati ndi manja a apongozi. Apongoziwo tikawafunsa amangoti zonse zinathandizana, mayankho a munthu wofuna mtendere mbali zonse.

Ulendo wachitatu akazi anga sanabwere, anati ali ndi zochita. Ndinagona pa bedi lija, nkhope m'bowo, ndipo ndinapeza kuti munthu ukamayang'ana matailosi nkhani zimatuluka mosavuta. Ndinawafunsa apongozi za nyemba, kuti munthu angakhale bwanji moyo wonse osalawa chiwindi. Anaseka. Kenako manja anaima pang'ono.

"Dadi, ndifunse? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Inu? Palibe."

"Zaka zonsezi ndikalowa, inu mumatuluka. Ndinkaganiza kuti simundifuna. Kuti mwina mumafuna mwana wanu akwatire wa kumudzi, wodziwa kugwada."

Ine nthawi yonseyo ndinkaona ngati ndikumanga chipilala cha ulemu, pakhonde paja, ndikuzizidwa. Makolo awo anachoka kwathu kalekale, zina anawaphunzitsa, izi anazisiya. Mwana wanga akuti anawafotokozerapo kuti ndi mwambo chabe, koma iwo ankaona ngati akungowatonthoza.

"Apongozi," ndinatero, "kuthawa kuja ndi ulemu. Munthu wachabechabe sitimuthawa. Timathawa amene tikumulemekeza kwambiri."

"Ndiye ulemuwo muchepetseko. Wachuluka mphamvu, ukundidwalitsa."

"Ndichepetse bwanji?"

"Lamlungu mudye nafe patebulo. Kokani mpweya."

Khwaa!

Ndinadya nawo. Nyemba zawo ndinalawa, n'kubwerera ku nkhuku yanga mwaulemu.

Tsiku la chinkhoswe linafika dzuwa likuwala, chinthu chosowa kuno. Ndinadzuka n'kuchita mphaka ndi ng'ombe pa kapeti, kenako suti. Msana unali ukung'ung'udza chapansipansi, osati kukuwa. Akazi anga anaima ndi kabotolo ka mapilitsi amphamvu aja m'manja.

"Limodzi lokha?"

"Ayi. Lero ndikufuna ndimve chilichonse, ngakhale ululu womwe."

Anakaponya m'chikwama chawo, kuti mwina mwake. Tinakwera sitima, kenako kasitima ka mumsewu kotchedwa tiramu, mpaka ku holo ina ku Croydon. Munali mutadzaza. Manesi ochokera ku shifiti ya usiku anali atasinthira zovala m'galimoto, maso ofiira koma milomo yopaka bwino. Ana obadwira kuno ankathamangathamanga atavala zitenje zosokedwa ngati madiresi a mafumukazi. Patebulo la kutsogolo anaimika foni poitsamiritsa ku botolo la maluwa, ndipo mmenemo munali nkhope ya mlongo wanga, ali kumudzi, atavala duku lake la kutchalitchi, anthu a m'mudzi atamuunjikira kumbuyo.

Mtsikana wathu anandipeza pakhomo. Anandiyang'ana m'maso ngati wapolisi wa pamsewu.

"Ankolo, mwamwa?"

"Tiyi yekha."

"Ndipo msana?"

"Ukupereka moni."

Akuchimuna analowa akuimba. Malume awo aja anayambanso mbiri ya mtundu wawo, ndipo ulendo uno ndinaimva yonse, agogo onse asanu, nditaimirira chilili. Ndinapeza kuti wachitatuyo anali munthu wosangalatsa ndithu. Itafika nthawi yanga ndinatenga maikolofoni, n'kupereka moni kwa onse mwa dongosolo lake osadumpha munthu. Ndinanena kumene mwanayu achokera, amene anamubereka, mmene anafikira kuno ndi kachikwama kamodzi, mmene amasambitsira makolo a anthu ena ngati ake omwe. Ndinawauza akuchimuna kuti tikuwapatsa munthu wathunthu, wopanda chilema, ndipo tidzafuna kumuona ali choncho nthawi zonse. Anawomba m'manja. Pa foni paja mlongo wanga analuluta, mawu ake n'kufika mochedwa pang'ono, holo yonse itatha kale, ndiye anthu anayambiranso kululuta kuti asakhale yekha.

Nkhuku zamoyo m'holo za kuno salola, choncho tambala ndi thadzi zinali zosema, zamtengo, zobwera nazo kuchokera kwathu. Malume aja anandipatsa tambala, ine ndinawapatsa thadzi. Woimbitsa nyimbo anakweza zoimbira zake. Ndinanyamula tambala uja m'mwamba ndi manja awiri n'kulowa pabwalo.

Poyamba ndinavina ngati munthu wanzeru, mapewa okha ndi mapazi. Koma amayi a m'holomo anayamba kukuwa, "Malume! Malume! Pansi malume!" Ndipo inu mukudziwa mmene mutu wa nkhalamba umachitira ukamva akazi akuitana dzina lake. Ndinayamba kutsika. Ndinatsika pang'ono, anakuwa. Ndinatsikanso. Kwinakwake kumbuyo ndinamva mawu a akazi anga, "Bambo inu, mudzagona pomwepo!" Kenako mawu ena, akuthwa, Chichewa chopindika, kudutsa phokoso lonse lija:

"Mawondo, Dadi! Pindani mawondo, msana uwongoke!"

Ndinapinda mawondo. Ndinafika pansi penipeni, tambala ali pamutu, matako atatsala pang'ono kupsompsona simenti. Pamenepo ndinaima kaye, chifukwa kutsika aliyense amatsika. Holo yonse inagwira mpweya. Ndinaona mwana wanga atayamba kale kusuntha kuti adzandidzutse, ndinamuyang'ana ndi diso loti ukayerekeza. Ndinalimbitsa mimba mmene apongozi anandiphunzitsira, n'kukankha pansi ndi zidendene, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka ndinaima ndekha, tambala osagwa.

Phokoso lake sindingathe kulilemba. Mtsikana wathu anathamanga, diresi atalikwinya m'manja, n'kundikumbatira mwamphamvu moti ndinachita kumuuza kuti, "Pang'ono iwe, katunduyu wangokonzedwa kumene."

Chakumapeto woyendetsa mwambo analakwitsa, anandipatsanso maikolofoni kuti ndithokoze anthu m'mawu awiri. Ndinathokoza ophika. Ndinathokoza okongoletsa holo. Ndinathokoza dalaivala wa tiramu. Ndinayamba kuwafotokozera akuchimuna za mtundu wathu ifenso, poti iwo anatipatsa agogo asanu ndipo ife tili nawo asanu ndi awiri. Ndinali pa wachinayi, mpunga ukuzizira m'mapoto, pamene ndinamva dzanja likukoka jekete yanga. Anali mkwatibwi, akumwetulira anthu, mano ali pamodzi.

"Ankolo, zakwana. Khalani pansi."

"Ndakhala pansi masabata asanu, mwana iwe," ndinatero, maikolofoni ili pakamwa. "Agogo atsala atatu."